Mbendera Imene Inadikira Zaka Ziwiri

Tsiku limene zotsatira za mayeso zinatuluka, msewu wa kwawo kwa Wietske Bakema unadzaza mbendera. Kwathu kuno mwana akakhoza mayeso omaliza a kusekondale, makolo amakweza mbendera pakhomo n'kupachika chikwama chake cha sukulu kunsonga kwa mtengo wa mbenderayo kuti aliyense wodutsa adziwe. Nyumba zisanu ndi imodzi zinali ndi zikwama zikulendewera padzuwa la mu Juni. Nyumba yachisanu ndi chiwiri inali ya a Bakema, ndipo kachitsulo kolowetsamo mtengo wa mbendera kanali pakhoma kukamwa yasaa, kopanda kanthu.

Pankafunika 5.5 pa 10 kuti munthu akhoze masamu. Wietske anapeza 5.4.

Analembanso masamu kachiwiri monga lamulo limalolera, koma nambalayo inakana kusuntha. Mphunzitsi amene anaimba foni anati, "Pepa Wietske, kanangotsala kadontho." Ngati kuti kadontho kamapweteka pang'ono.

Amayi ake anali atasita mbendera dzulo lake. Madzulo a tsikulo anaipinda mwakachetechete n'kuiika pamwamba pa kabati. Wietske anatenga chikwama chake cha sukulu n'kukachiponya m'bini ya kuseri kwa nyumba.

"Ipatseni anthu ena mbenderayo, Amayi," anatero. "Muno ilibe ntchito."

"Nsalu siola, mwana wanga," anayankha amayi ake. "Idikira."

Inu amene mukuwerenga, mwina nanunso muli ndi nambala yanu imene imakutsatirani kulikonse ngati galu wa eni. Ndiye khalani pansi, nkhani iyi ndi yanu. Ndiifotokoza mofulumira chifukwa mtima wanga uli kale kumapeto kwake.

Wietske sanali mwana wogona m'mutu. Chaka cha mayesocho, mu Febuluwale, bambo ake a Douwe anagwa ndi mtima ali pantchito ndipo sanadzukenso. Ntchito yawo inali yoyang'anira pampu ya alimi kumapeto kwa ngalande yaikulu. Dera lathu lino kale linali pansi pa nyanja. Agogo athu analitchinga ndi makoma a dothi n'kupopa madzi onse, ndipo mpaka lero minda yathu ili m'munsi kuposa nyanja imene ili kuseri kwa makomawo. Pampu ikagona, madzi amakumbuka kwawo.

Wietske ali wamng'ono, bambo ake ankamukweza kumbuyo kwa njinga m'mawa uliwonse sukulu isanayambe. Ankapita naye kukaona thabwa la manambala limene linaimikidwa m'madzi pafupi ndi nyumba ya pampu.

"Wawerenga zingati, abwana?" ankamufunsa.

"5.80, Bambo."

"Ndiye tingathe kukamwa khofi."

Munthu ameneyo atapita, manambala onse a m'mabuku anasanduka phokoso chabe.

Atalephera mayeso, Wietske analowa ntchito m'shedi yosankhiramo anyezi kunja kwa tauni ya Emmeloord. Anzake anapita ku mayunivesite, n'kumatumiza zithunzi ali m'zipinda zawo zatsopano. Iye ankaima maola asanu ndi atatu pambali pa lamba woyenda, akuchotsa anyezi owola. Fungo linamulowa m'tsitsi ndi m'zovala moti ngakhale m'basi anthu ankamusiyira mpando wonse.

M'shedimo munali makina amene ankasankha anyezi malinga ndi kukula kwake. Wamkulu kwambiri ankagwera kumanja, wamng'ono kwambiri kumanzere, woyenera ankapitirira. Tsiku lina pa nthawi yopuma Wietske anafunsa kapitawo kuti makinawo amadziwa bwanji.

"Sadziwa kanthu amenewo," anatero kapitawo akutafuna buledi wake wa tchizi. "Amangofunsa funso limodzi tsiku lonse. Kodi nambala iyi ili pakati pa iyi ndi iyi? Basi. Wina wake anawalembera funsolo ali pa mpando wofewa."

Wietske anayang'ana anyezi wamng'ono amene anali atangokankhidwira kumanzere. Sanali wowola. Anangochepa ndi kadontho.

Pamenepo anadziuza kuti watopa kukhala anyezi. Ankafuna kukhala munthu wolemba funsolo.

Ku laibulale ya m'tauni kunali maphunziro aulere a Loweruka, ophunzitsa kulemba mapulogalamu a kompyuta. Sankafunsa satifiketi. Wietske anatenga laputopu yakale ya bambo ake, imene batire lake linkatha ngati kandulo pamphepo, n'kuyamba. Ankapalasa njinga makilomita khumi ndi awiri kupita, khumi ndi awiri kubwerera, ndipo amene amadziwa mphepo ya kwathu amadziwa kuti imakuomba kumaso popita, n'kutembenuka kuti idzakuombenso kumaso pobwerera.

Pulogalamu yoyamba imene analemba yekha inali ya mizere inayi. Inkalandira nambala n'kuona ngati yafika pa malire a m'munsi ndiponso ngati sinapitirire malire a pamwamba. Ikakhala mkati, kompyuta inkalemba kuti ili bwino. Ikakhala kunja, inkakana. Anzake a m'kalasi ankayesa mapulogalamu awo ndi manambala a pakati, zikayenda n'kutseka makompyuta kupita kukamwa mowa. Wietske ankatsala. Ankayesa nambala ya pamalire penipeni, kenako yotsikirapo kadontho, kenako yokwererapo kadontho. Iye ankadziwa bwino kuposa aliyense kuti moyo wa munthu umasinthira m'mphepete, osati pakati.

Patatha chaka ndi theka anayamba kufunsira ntchito. Analemba makalata makumi atatu ndi imodzi. Ambiri sanamuyankhe. M'makampani ena fomu ya pa intaneti inkamukana isanafike n'komwe kwa munthu, chifukwa bokosi la satifiketi linali lopanda kanthu. Kalata ya makumi atatu ndi chiwiri inapita ku kakampani ka anthu asanu ndi anayi mumzinda wa Zwolle, pamwamba pa sitolo ya njinga. Kampaniyo inkalemba mapulogalamu oyendetsa mapampu ndi mageti a madzi. Mwini wake, Mayi De Rooij, anamuitana.

"Ulibe satifiketi," anatero mayiwo osakweza maso papepala.

"Ndilibe."

"Nanga uli ndi chiyani?"

"Ndimadziwa pamene zinthu zimathyokera."

Mayi De Rooij anavula magalasi n'kumuyang'ana nthawi yaitali.

"Masabata asanu ndi atatu," anatero. "Ugwira ntchito pansi pa Sjef. Pakutha pake ndidzamufunsa. Akati ukhale, ukhala. Akati ayi, sipadzakhala zokambirana."

A Sjef Meertens anali bambo wa zaka makumi anayi ndi zisanu, wa mimba yabwino ndi kuseka kokweza, wochokera ku Limburg kumwera kwa dziko, kumene kuli mapiri ndipo nyanja amangoiona pa tchuthi. Ntchito yawo ankaidziwa ndithu. Tsiku loyamba atamva kumene Wietske amakhala, anamupatsa dzina.

"Ndiye ndiwe chule wa m'dambo. Uzipukuta mapazi polowa muno, Chule."

Sabata yoyamba Wietske ankangomwetulira. Sabata yachitatu anali atazolowera.

"Inu a Kumapiri, chulu chimene chija mukuchitchula phiri? Ng'ombe imakwera ikudya msipu osazindikira n'komwe."

A Sjef anaseka mpaka kutsokomola, ndipo kuyambira tsikulo ankamusiyira chidutswa chachikulu cha keke ya zipatso ya kwawo imene ankabwera nayo Lolemba lililonse. Anamuphunzitsa zambiri, ndipo Wietske anawakonda monga mmene munthu amakondera mkulu wake wovuta. Basi yochokera kwawo inkatenga ola lathunthu, koma iye sanachedwe ngakhale tsiku limodzi.

Ntchito yaikulu ya a Sjef nyengo imeneyo inali pulogalamu ya gulu lina la alimi a mbatata ndi anyezi. Wietske ataona adiresi yake, anaizindikira nthawi yomweyo. Inali pampu ya bambo ake. Chimwalirire a Douwe, pampuyo inkayang'aniridwa ndi Bambo Siebren, mlimi wokalamba amene mawondo ake anali atatopa ndi masitepe a m'nyumba ya pampu. Alimi anagwirizana kuti kompyuta itenge ntchitoyo. Wietske sanauze aliyense muofesi kuti malowo amawadziwa. Sankafuna chisoni cha munthu.

Lamulo la pulogalamuyo linachokera pa kapepala kamene Bambo Siebren analemba ndi pensulo: madzi akhale pakati pa 5.70 ndi 5.90. Madzi akachuluka, pampu iyake iwatulutse. Akachepa, geti litseguke kuti madzi a m'ngalande ya kumtunda alowe. Kwa miyezi itatu ya chilimwe pulogalamuyo inali ikungoyang'ana osakhudza kanthu, ndipo tsiku lililonse inkalemba kuti madzi ali mkati mwa malire. Lachisanu la sabata yachisanu ndi chitatu, tsiku lomaliza la Wietske, ndi limene alimi anati adzasaine ndipo kompyuta idzapatsidwe makiyi.

Lachiwiri la sabata imeneyo a Sjef anamupatsa ntchito yaing'ono. "Iyese ndi manambala ako aja, Chule, kuti tikhale ndi pepala losonyeza kuti tinayesa."

Analemba 5.80. Zili bwino. Analemba 5.70, kenako 5.90. Zili bwino. Ndiye anatuluka kunja kwa malire ndi kadontho. Pa 5.91 kompyuta inati madzi achuluka, yatsa pampu. Pa 5.69 inati madzi achepa, tsegula geti.

Zonse zinkaoneka zolongosoka ngati bedi la kuchipatala. Koma Wietske sanakhutire. Anakumbuka m'mawa wina wa mvula ali ndi zaka zisanu ndi zinayi, pamene anawerenga 5.62 pathabwa lija. Bambo ake sanatchule za khofi. Anamutsitsa panjinga n'kuthamangira ku pampu chipewa chitagwa.

Nkhani yake ndi iyi. Thabwa la kwathu limawerenga kuchokera pamwamba, pa mulingo wa nyanja, kutsika m'munsi. Zili ngati chingwe cha pachitsime: madzi akakwera, chingwe chofunika chimafupika. Choncho 5.60 ndi madzi ambiri, 5.90 ndi madzi ochepa. M'mabuku manambala amenewa amalembedwa ndi kamzere ka masamu ochotsera kutsogolo, koma kwathu palibe amene amakatchula kapena kukalemba kamzereko. Titchulirenji? Tonse tinabadwira pansi pa nyanja.

Ngati zinali choncho, pulogalamuyo inali yolondola bola madzi ali mkati mwa malire. Akangotuluka, inkachita zosemphana. Mvula ikagwa, inkatsegula geti n'kuthira madzi ena pamwamba pa madzi.

Wietske anapita pa desiki ya a Sjef.

"A Sjef, ndikuganiza kuti mbali ziwirizi zatembenuka. Pa 5.69 madzi amakhala atakwera."

A Sjef anali ndi foni kukhutu ndi mafayilo atatu otsegula. Anayang'ana mwachidule.

"Chule, 5.69 ndi yaing'ono kuposa 5.70. Zimenezi ngakhale kusukulu kwanu kuja anaphunzitsa." Anaseka, n'kubwerera ku foni yawo.

Sanafune kumupweteka. Koma mawuwo anagwera pachilonda penipeni. Wietske anabwerera pampando wake. Ndine yani ine, anadzifunsa, woti ndiphunzitse masamu munthu wa zaka makumi awiri pantchito? Ine wa 5.4? Mwina zimene ankakumbuka zinali maloto a mwana wosowa bambo ake. Lachitatu lonse anangogwira ntchito zina.

Lachinayi anadzuka mbandakucha, natenga njinga nthawi ya basi isanakwane. Mvula inali itayamba Lachitatu madzulo ndipo inali isanaleke. Msewu wopita ku pampu anali asanaudutse chimwalirire bambo ake. Atsekwe ankadutsa pamwamba m'mizere yawo, akulira ngati akumufunsa kuti anali kuti nthawi yonseyi.

Thabwa linali pomwe paja. Pamwamba pake panalembedwa 5.50, m'munsi 6.00. Anagwada, natambasula mkono, nakanda ndere ndi chikhadabo. Kutsogolo kwa nambala iliyonse kunali kamzere kakang'ono, kobisika ndi zaka zambiri za ndere. Lachiwiri kompyuta inkaonetsa 5.82. Tsopano, mvula itagwa, madzi anali pa 5.78.

Sanali kulota.

Tsiku limenelo a Sjef anali kwa kasitomala wina. Wietske anawatumizira uthenga ndi chithunzi cha thabwalo. Yankho linabwera madzulo, la mawu awiri: "Tidzaona Lolemba." Anaganiza zogogoda pachitseko cha Mayi De Rooij, anafika mpaka pakhomo, koma anabwerera. Kukanena munthu kwa bwana, munthu yemweyo amene mawa adzafunsidwe za tsogolo lako?

Lachisanu m'mawa anakwera galimoto ya a Sjef, keke yaikulu ya zipatso ili pamwendo pake. Wailesi inkalengeza mvula yamphamvu Loweruka ndi Lamlungu.

"A Sjef, chithunzi chija munachiona?"

"Ndinachiona pang'ono, ndinali pamsonkhano." Anatsitsa wailesi. "Tamvera, Chule. Pulogalamu iyi yayenda miyezi itatu osalakwa ngakhale kamodzi. Lero si tsiku loyambitsa mkangano pamaso pa kasitomala. Ukhale chete, udye keke, umwetulire. Tikamabwerera ndikalankhula ndi bwana za mpando wako, ndipo zimene ndikanene uzikonda. Wamva?"

Wietske anamva bwino lomwe. Mpando unali m'manja mwake. Chimene chinkafunika chinali kutseka pakamwa kwa ola limodzi.

M'nyumba ya pampu munkanunkha girisi ndi chinyezi monga kale. Msomali umene bambo ake ankapachikapo jekete unali pomwe paja. Mayi De Rooij anali atafika kale pa galimoto yawo. Bambo Siebren anabwera ndi alimi ena awiri, anthu a mawu ochepa, amene anaimika nsapato zawo za matope pakhomo. Khofi anathiridwa, keke inadulidwa. A Sjef anafotokoza zonse bwinobwino, n'kuonetsa kiyi wa pakhoma amene akangomutembenuza, kompyuta iyamba kulamula pampu ndi geti. Bambo Siebren anatulutsa cholembera.

Wietske anayang'ana pawindo. Minda ya mbatata inali isanakumbidwe, mizere yake itatambalala mpaka kumene thambo limagwira pansi. Anaganiza za shedi ya anyezi, za lamba woyenda, za mpando wa m'basi umene anthu ankamusiyira. Kenako anamva mawu ake omwe akutuluka iye asanawalole.

"Bambo Siebren, madzi akafika pa 5.60 mumatani?"

Nkhalambayo inakweza nsidze. "Pa 5.60? Ndimasiya ngakhale maliro, mwanawe. Pamenepo madzi amakhala ali kale m'mizere ya mbatata."

"Ndiye kuti amakhala atachuluka."

"Ukufunsa ngati mlendo."

"Wietske," anatero Mayi De Rooij motsitsa mawu, "ukutani?"

A Sjef anali atasiya kutafuna.

"Ndikupempha mphindi imodzi, Mayi. A Sjef atembenuze kiyi, ine ndikweze mpira woyandama umene umayeza madzi ndi dzanja, ngati kuti mvula yagwa. Ndikakhala ndalakwa, ndikwera basi ya 11 koloko ndipo simudzandionanso."

Mayi De Rooij anayang'ana a Sjef, kenako anagwedeza mutu movomera. A Sjef anatembenuza kiyi, nkhope ili gwaa.

Wietske anavula jekete, nakwinya malaya mpaka paphewa, nagwada pa chitsulo cha pansi. Analowetsa mkono m'paipi yaikulu mmene mpira woyandama umakhala. Madzi anali ozizira ngati mpeni. Anaugwira mpirawo n'kuyamba kuukweza pang'onopang'ono. Pa laputopu nambala inayamba kuyenda. 5.76. 5.73. 5.71. 5.70.

5.69.

Pampu inakhala duu. Koma panja panamveka kulira kwa chitsulo, ndipo onse anatembenukira kuwindo. Geti linali kukwera. Madzi a m'ngalande ya kumtunda anayamba kukhuthukira m'ngalande ya minda, oderako, othamanga, ngati ng'ombe zotsegulidwa m'khola.

A Sjef anabweza kiyi msanga ndipo geti linatsika. Mmodzi wa alimi aja anaika mbale yake ya keke pansi pang'onopang'ono. Bambo Siebren anabweza cholembera m'thumba.

"Loweruka ndi Lamlungu lonse," anatero mlimi winayo, "tili kunyumba, tikukhulupirira makina."

"Papepala sipanalembedwe kuti manambalawa ndi a pansi pa nyanja," anatero a Sjef.

"Ndikanalemba chiyani?" anafunsa Bambo Siebren. "Kuti tili pansi pa nyanja? Ndilembenso kuti mvula imachokera kumwamba?"

A Sjef anafiira mpaka m'makutu. Wietske anali adakagwada, madzi akudontha pachigongono, akudikira kuti zimugwere. Koma munthu wa kumapiri uja anapuma mozama n'kutembenukira kwa bwana wake.

"Ndine ndinachotsa kamzereko. Choyezera chinkatumiza manambala okhala ndi kamzere, pepala linalibe, ndiye ndinati cholakwa ndi choyezeracho. Ndipo mwanayu anandiuza Lachiwiri. Anandiuzanso dzulo, ndi lero m'galimoto. Sindinamvere." Anakankha laputopu pa tebulo. "Khala apa, Chule. Konza. Ine ndiona."

Zala za Wietske zinali zozizira moti analakwitsa kawiri. Anabwezeretsa kamzere kamene kanachotsedwa. Anaika 5.90 wa pansi pa nyanja kukhala malire a m'munsi, ndi 5.70 kukhala malire a pamwamba. Inali mizere itatu yokha. A Sjef anaiwerenga mokweza, mzere ndi mzere, n'kuvomera. Kenako Wietske anagwadanso, kiyi anatembenuzidwa, ndipo anakweza mpira uja kachiwiri.

Pa 5.70 panalibe chochitika. Pa 5.69 pansi panagwedezeka, ndipo pampu ya bambo ake inadzuka ndi mkokomo umene Wietske anali asanaumve kwa zaka pafupifupi zitatu. Anaweramitsa mutu kuti anthu asaone nkhope yake.

Anayesanso mbali inayo, akukankhira mpira pansi, ndipo geti linatseguka pa nthawi yake. Anayesa katatu konse. Bambo Siebren anatulutsanso cholembera, koma asanasaine anamuyang'anitsitsa.

"Ndiwe mwana wa Douwe, eti?"

"Inde, Bambo."

"Ndakuzindikira pa kagwadidwe. Nayenso ankaika bondo lamanzere pa chitsulo chomwecho." Anasaina, n'kumusunthira mbale. "Idya keke ya munthu wa kumapiriyu. Pa zimenezi zokha sanalakwitse."

Panja, pafupi ndi magalimoto, Mayi De Rooij anamuitana. Mvula inali ikugwabe.

"Wandichititsa manyazi pamaso pa kasitomala."

"Inde, Mayi."

"Tsiku lina ukadzaona zotere, udzabwere kwa ine Lachiwiri lomwelo. Osadikira Lachisanu. Chitseko changa sichiluma."

Wietske anakweza mutu. "Tsiku lina?"

"Ndamufunsa Sjef."

A Sjef anali akulowetsa mbale ya keke m'galimoto, osayang'ana aliyense.

"Ndati akhale," anatero. "Nanga ndani wina angamandimasulire chilankhulo cha achule? Koma basi ya 11 koloko yakusiya, ndiye kwera ndikakutule."

Mvula imene wailesi inalonjeza inabweradi, yochuluka kuposa mmene inanenera. Pampu inayaka ndi kuzima yokha masiku awiri onse, ndipo m'mizere ya mbatata simunaime madzi.

Lolemba m'mawa Wietske anadzutsidwa ndi phokoso la makwerero pakhoma. Atasuzumira pawindo anaona amayi ake, atavala jekete ya mvula ya malemu a Douwe, akulowetsa mtengo wa mbendera m'kachitsulo kaja. Kunsonga kwake kunkalendewera chikwama chakale cha sukulu, chokhala ndi banga la inki pakona, chimene Wietske ankakhulupirira kuti chinapita ndi galimoto ya zinyalala zaka ziwiri zapitazo.

Mayi woyandikana nawo nyumba anatuluka ndi ambulera.

"Mayi Bakema, mayeso ake ati mu Okutobala muno?"

"Pitani mukaone minda ngati yamira," anayankha amayi a Wietske, akutsika makwerero mwaulemu ngati mfumukazi. "Mukabwerako mundiuze ngati sanakhoze."

Mbenderayo inakhala pamenepo sabata yathunthu, yonyowa, yolemera, ikuomba khoma. Ine ndinaidutsa panjinga kasanu, ndipo nthawi iliyonse ndinkachepetsa liwiro.

Lero Wietske akadali pa kakampani kaja pamwamba pa sitolo ya njinga. Pulogalamu iliyonse isanatuluke imadutsa pa desiki yake, ndipo iye amaiyesa pamalire, kadontho m'munsi, kadontho pamwamba. Satifiketi ija anadzailemberanso n'kuipeza, koma mbendera sanakwezenso. Amayi ake anati kamodzi n'kokwanira.

Tsono iwe amene nambala inakukankhira kumanzere, tamvera. Nambalayo inangoyankha funso limodzi, tsiku limodzi, ndipo amene analemba funsolo sanakuone ukukwera njinga mbandakucha. Pali chinthu chimene unachiphunzira kumene unakulira, mwina kumbuyo kwa njinga ya bambo ako, mwina pamalo amene umachita nawo manyazi kuwatchula, chimene anthu a masatifiketi sachidziwa. Chisunge. Phunzira ntchito mpaka manja aizolowere. Ndipo tsiku lako likafika, ngakhale mawu akunjenjemera, gwada ulowetse mkono m'madzi ozizirawo.

Mtima wako usauponye m'bini pamodzi ndi chikwama. Nsalu siola. Ikukudikira.